Momwe mungapekere mzinda wa amalonda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere

Achinyamata ambiri a kuno ku Chipata amene amalemba nthano ndi masewero, akafuna kupita nawo kutali owerenga, amakonda kupeka mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere, ngakhale kuti ambiri a ife nyanjayo sitinaionepo ndi maso. Palibe cholakwika pamenepo, koma zolemba zambiri zimene ndawerengapo zimayambira pa nyumba ya mfumu yonyezimira ndi golide, ndipo ukamufunsa wolemba kumene anthu a mumzindamo amatunga madzi, amangokanda m'mutu. Njira imene ndikufotokoza pano ndi yoyambira pansi, pa mphepo, madzi ndi chakudya, mfumu n'kudzabwera pambuyo.

Choyamba, konzani kalendala ya mphepo musanalembe dzina la munthu aliyense. Mizinda yeniyeni ya kugombe la kum'mawa kwa Africa, monga Kilwa, Mombasa, Lamu ndi Zanzibar, inkadalira mphepo ziwiri. Kuyambira cha mu Novembala kufika mu Marichi kumaomba mphepo ya kumpoto chakum'mawa, imene Aswahili amaitcha kaskazi, ndipo ndi imene inkabweretsa zombo za matanga kuchokera ku Arabia, Persia ndi India. Kuyambira cha mu Epulo mphepo imatembenuka, imaomba kusi yochokera kum'mwera, ndipo zombozo zimabwerera kwawo. Tanthauzo lake n'lakuti wamalonda akafika sangachoke tsiku limene wafuna, ayenera kukhala miyezi ingapo kudikira mphepo. M'miyezi imeneyo amafuna pogona, amadwala, amakongola, amaphunzira chinenero, mwinanso kukwatira. Pamenepa ndi pamene pali nkhani zanu zambiri. Ife timadziwa mmene mudzi umasinthira pakati pa dzinja ndi nthawi yogulitsa mtedza ndi fodya, pamene ndalama zimaoneka m'manja mwa aliyense. Mzinda wanu nawonso ukhale ndi nyengo ya phokoso pamene doko ladzaza, ndi nyengo ya zii pamene amayi akuwerenga masiku kudikira amuna awo.

Onjezanipo chinthu chimene ife akumtunda timaiwala msanga. Nyanja yamchere imasefukira ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Madziwo amakwera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu ndiponso ukakhala mumdima. Choncho msodzi wanu sangadzuke nthawi imodzimodzi masiku onse, ndipo chombo cholemera chingafike pakhomo pa doko koma n'kukhala panja maola angapo kudikira kuti madzi akwere.

Chachiwiri, sankhani chimene mzindawo umagulitsa ndi kumene chimachokera. Mzinda wa padoko kawirikawiri sulemera ndi zimene umapanga wokha, umalemera chifukwa wakhala pakati pa anthu awiri ofunana. Kilwa inatchuka chifukwa inagwira malonda a golide wochokera kudera la Great Zimbabwe, amene ankatsikira kunyanja kudzera pa doko la Sofala, ndipo inafika popanga ndalama zake zachitsulo za mkuwa. Kuchokera kumtunda kunkapita minyanga ya njovu, mkuwa ndi golide, pamene kuchokera kunyanja kunkabwera nsalu za ku India, mikanda ndi mbale zadothi za ku China, zimene olemera ena ankazimatirira m'makoma kuti alendo aone. Lembani mndandanda wanu wa katundu asanu olowa ndi asanu otuluka, ndipo pa katundu aliyense mudzifunse kuti amamusenza ndani, amamuyeza ndani, ndipo msonkho amatolera ndani. Mukapita ku msika wa Kapata kapena kukaima kanthawi pa chipata cha Mwami cha m'malire a Zambia ndi Malawi, n'kuyang'anitsitsa osintha ndalama, onyamula matumba, anyamata a njinga ndi amayi ogulitsa zitumbuwa kwa apaulendo, mudzaona kuti anthu a m'doko lanu muli nawo kale pafupi.

Pano ndipemphe chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Musabise malonda a akapolo ngati mzinda wanu mwauika m'zaka za m'ma 1800. Anthu a mtundu wathu ankagwidwa m'midzi ya kuno kumtunda, ena n'kuwolotsedwa nyanja pa Nkhotakota, kwa Jumbe, mfumu yamalonda ya Chiswahili, pa ulendo wopita ku Kilwa, ndipo msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873. Wolemba wa kuno akajambula doko lokongola popanda kutchula amene anasenza minyanga ija ndi goli m'khosi, ndiye kuti waiwala makolo ake.

Chachitatu, pezani madzi akumwa. Madzi a m'nyanja samweka, choncho mzinda uyenera kukhala ndi zitsime kapena maenje omangidwa bwino osungiramo madzi a mvula, ndipo mwini chitsime chokoma ndi munthu woopedwa. Zitsime zina za pafupi ndi gombe zimamveka kamchere, ndipo zimenezo zimasiyidwira osauka. Chakudya chake chisakhale nsima ya chimanga chifukwa choti ndi imene tinazolowera. Ganizirani mpunga wophikidwa ndi mkaka wa kokonati, mapira, nthochi, nsomba zikuluzikulu za papa (shaki) zouma zothira mchere, ndi zokometsera zobwera pa zombo.

Chachinayi ndi nyumba ndi misewu. Olemera a m'mizinda ya Chiswahili ankamanga ndi miyala ya m'nyanja yotchedwa korali yomatidwa ndi laimu, denga n'kuligwiriziza ndi milimo ya mitengo yomera m'madzi amchere, ndipo kutalika kwa milimoyo ndi kumene kunkachititsa kuti zipinda zikhale zopapatiza. Osauka ankakhala m'nyumba zadothi zofolera ndi masamba a kokonati. Ku Lamu mpaka lero tinjira ta m'kati mwa mzinda n'topanikiza moti katundu amayenda pa abulu. Pakhomo pamakhala benchi lamwala lotchedwa baraza, pamene amuna amacheza ndi alendo popanda kuwalowetsa m'kati momwe muli amayi.

Chachisanu, upatseni mzindawo mwambo umodzi wolandirira mlendo umene uli wake. Ibn Battuta, woyenda maulendo wa ku Morocco amene anayenda m'gombe limeneli mu 1331, analemba kuti ku Mogadishu chombo chikangofika anyamata ankapita ndi chakudya kwa amalonda, aliyense n'kudzitengera mmodzi kukhala mlendo wake, ndipo wamalondayo ankagulitsa katundu kudzera mwa mwini nyumba amene wamusunga. Mwambo wotere umakupatsani ubwenzi, chinyengo ndi ukwati pa nthawi imodzi. Ganiziraninso za chipembedzo, popeza m'mizinda imeneyi tsiku linkagawidwa ndi kuitana kwa kumzikiti kasanu, komanso za mwambo wa pachaka wosonkhanitsa anthu onse, monga mmene Kulamba imatisonkhanitsira ku Mkaika mu Ogasiti. Wanuwo ungakhale wa tsiku limene thanga loyamba laoneka patali.

Dzina mulipereke pomalizira, ndipo lichokere pa maonekedwe a malo, monga mmene dzina la Chipata limanenera za mpata wa pakati pa mapiri. Mukatero tengani munthu mmodzi wamba, kaya mtsikana wotunga madzi ogulitsa kwa amalinyero kapena nkhalamba yosoka matanga, mumutsatire kuyambira tambala woyamba kufikira nyale zitazimitsidwa. Lembani chimene wadya, amene wamupatsa moni, ndalama imene walandira ndi fungo la njira imene wadutsa. Paliponse pamene cholembera chaima chifukwa simukudziwa chimene akanachita, ikanipo chizindikiro, mubwerere ku sitepe imene yaperewera, mukakonze musanayambe mutu woyamba wa nthano yanu.