Mafilimu oopsa a nyengo ya Halloween: konzani izi musanakhale pansi

Kumapeto kwa Okutobala, Netflix ndi Spotify zimadzaza ndi mafilimu oopsa komanso nyimbo za Halloween, chikondwerero cha pa 31 Okutobala chotchuka ku America ndi Britain. Ngati mukufuna kupumitsako mutu nazo mukaweruka kuntchito, musaonere mwachindunji pa intaneti. Dawunilodani pasadakhale, makamaka ndi bandulo ya usiku kapena pa Wi-Fi.

Mafilimu amenewa amajambulidwa mumdima, ndipo netiweki ikafooka, mbali zakudazo ndi zimene zimayamba kusweka n'kukhala timabokosi, moti chinthu chobisala pakona simuchiona. Pa Netflix, HD (chithunzi chooneka bwino kwambiri) imatha kudya 3GB pa ola, pamene SD (chithunzi wamba) ndi pafupifupi 1GB. Pa foni SD ndi yokwanira. Nyimbo zilibe vuto: pa 96kbps (mlingo wamba wa kamvekedwe ka nyimbo pa Spotify), ola limodzi ndi pafupifupi 43MB.

Chovuta kwambiri ndi mawu. Anthu amanong'onezana, mumakweza voliyumu, kenako chitseko n'kumenyeka mpaka ana kudzuka. Pa TV kapena soundbar (sipika yaitali yolumikiza ku TV) yatsani Night Mode kapena Auto Volume. Imachepetsa phokoso ladzidzidzi n'kukweza zolankhula. Ngati palibe, mahedifoni ndi abwino kuposa sipika yaikulu, ndipo aneba sakudandaula.

Chithunzi cha TV ikani pa Movie kapena Cinema, osati Vivid, chifukwa Vivid imameza zinthu zamumthunzi. Musazimitse magetsi onse. Kanyale kamodzi kumbuyo kwa TV kamathandiza kuti maso asawawe. Foni ndi power bank zikhale zodzaza, kuti magetsi akazima filimu isadukire pakati. Ana akhale atagona, ndipo onani zaka zovomerezeka musanayambe.