Momwe mungalembere essay yopeza malikisi abwino pa yunivesite kuno ku Joni

Ndimachonga ma essay a ophunzira a chaka choyamba pa yunivesite ina kuno ku Johannesburg, ndipo mtima umandiwawa ndikaona mwana wa kwathu wapeza 48 pa 100 atachezera usiku wonse akulemba. Ku Wits ndi ku UJ, mayunivesite awiri a mumzinda uno, kukhoza kumayambira pa 50, distinction pa 75. Nzeru mwanayo ali nazo, koma sadziwa chomwe wochonga akufuna.

Musanalembe kanthu, tsegulani rubric. Limeneli ndi pepala lomwe lekichala amapereka pamodzi ndi funso, losonyeza malikisi a mfundo, umboni, kasanjidwe ka ndime ndi chilankhulo. Pochonga timakhala nalo pambali pathu.

Kenako werengani funso kawiri, mudule mzere pansi pa mawu okuuzani chochita. Akati compare, musafotokoze zinthu ziwirizo chilichonse pachokha. Ziikeni pamodzi, tione pomwe zikufanana ndi pomwe zikusiyana.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri a ife timagwa. Ku MSCE tinazolowera kuloweza manotsi n'kuwabweza momwe aphunzitsi anatipatsira. Komanso tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa, ndiye timachita manyazi kunena kuti pulofesa wolemba buku sanaganize bwino penapake. Kuno amafuna maganizo anu. M'ndime yoyamba nenani mbali yomwe mwaima, m'chiganizo chimodzi chomveka. Ndime iliyonse yotsatira inyamule mfundo imodzi, umboni wake, ndi chifukwa chomwe umboniwo ukugwirizana ndi zomwe mwanena. Ndinachongapo ntchito ya mtsikana wina yemwe Chingerezi chake chinali chopunduka, koma anatchula maganizo otsutsana ndi ake n'kuwayankha bwinobwino. Anaposa anzake a Chingerezi chosalala.

Mfundo iliyonse yomwe mwaitenga kwa wina, tchulani mwini wake ndi chaka, motsatira Harvard kapena APA, zomwe ndi njira zotchulira komwe mwatenga mfundo, malinga ndi zomwe dipatimenti yanu yanena. Ntchito zambiri zimadutsa mu Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yosonyeza pomwe mawu anu akufanana ndi zomwe ena analemba kale, ndipo kukopera popanda kutchula mwini ndi mlandu womwe ungakufikitseni ku komiti yosungitsa mwambo.

Malizani essay yanu kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti muipereke. Werengani mokweza m'chipinda mwanu, khutu limagwira zomwe diso laphonya. Mukatero pitani nayo ku Writing Centre ya pa kampasi panu, komwe amathandiza ophunzira pa kalembedwe, rubric ija ili m'manja.