Dzina loitanira wokondedwa wanu: kasankhidwe kake ndi malo ake

Kuno ku Mangochi munthu mmodzi amaitanidwa mayina atatu kapena anayi tsiku limodzi: la pa chiphaso, la mfunda, la mwana wake woyamba, ndi lija lodziwa anthu awiri okha. Onsewa ndi ofunika m'banja ngakhale pa chibwenzi. Mikangano yambiri pa nkhaniyi sibwera chifukwa dzinalo ndi loipa, imabwera chifukwa latchulidwa pamalo osayenera.

Yambani ndi la pagulu, poti ndi limene mudzatchule kwambiri. Kwathu kuno ukwati wambiri ndi wachikamwini. Mwamuna amakhala pamudzi pa mkazi, apongozi ali khomo lachiwiri, alamu akudutsa pabwalo tsiku lonse. Pamalo otere "bebi" kapena "dali" samveka ngati chikondi, amamveka ngati kusowa mwambo, ndipo amene amachita manyazi ndi mkazi, chifukwa awo ndi makolo ake. Pamaso pa akuluakulu gwiritsani ntchito "inu" osati "iwe", ndipo sankhani dzina lolemera. Mkazi wa Chichewa mungamuitane ndi mfunda wake: Nabanda, Naphiri, Nambewe. Kwa Ayao, "Abiti" kutsogolo kwa dzina la bambo ake a mkazi ndi ulemu waukulu, monganso "Che" kutsogolo kwa dzina la mwamuna. Musaganize kuti mayinawa ndi ouma. Mfunda wotchulidwa motsitsa mawu, mwamuna akulandira madzi osamba m'manja, umafika pamtima kuposa mawu ambiri okongoletsa.

Mwana akabadwa zinthu zimaphweka, mumangoti "amake uje" kapena "abambo ake a uje". Koma apa pali pofunika kusamala. Ngati banja latha zaka lisanaone mwana, musamuitane mkazi "mayi wa ana anga" ngati nthabwala, ndi bala limenelo. Ngati mnzanuyo anabwera ndi mwana wa m'banja lakale, mufunseni ngati akufuna kuitanidwabe ndi dzina la mwanayo. Ambiri amafuna, ndipo kulisiya mwadzidzidzi mwana wanu akabadwa kumauza woyamba uja kuti si wa pakhomopo. Mwana woyamba akamwalira, musasinthe dzinalo nokha. Ena limawatonthoza, ena limawalasa.

Tsopano la awiri. Njira yodalirika ndi kulitola pa chinthu chimene chinachitika pakati panu, osati kuligula kwa ena. Ngati munakumana pa msika wa nsomba ku Makawa, kapena mu minibasi yochokera ku Namwera, pamenepo pali dzina kale. Mkazi woseka mokweza, mwamuna wokonda tiyi wa m'mamawa, onsewo khalidwe lawo limapereka dzina. Ngati palibe chikubwera, alipo odziwika: wapamtima, mtima wanga, duwa langa, chiphadzuwa, njole. Akhristu amakonda "nthiti yanga" potengera nkhani ya Adamu ndi Hava pa Genesis 2. Wolankhula Chiyao ali ndi "ŵamkwangu", kutanthauza mnzanga wa m'banja, ndipo mnzake amene si Myao akaphunzira kulitchula bwino amakhala wapereka mphatso.

Mukalipeza, liyeseni lokha, osaphatikiza ndi ena, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, muli awiri, pa nthawi ya mtendere. Penyani nkhope. Akamwetulira, akayankha msanga, kapena akabweza ndi dzina lake la inu, lalowa. Akakhala chete kapena akafunsa kuti "ndani ameneyo?", lisiyeni osakangana. Mwini dzina ndi woitanidwayo, osati woitana.

Chenjerani ndi mayina a thupi. Wonenepa, wochepa thupi, wakuda, wamfupi amatha kuseka tsiku loyamba chifukwa cha chikondi, koma mawuwo amatsala mumtima, makamaka mkazi akangobereka kapena mwamuna akadwala n'kuonda. "Chambo changa" chimakoma kumva kunyanja kuno. "Kausipa" n'chitonzo ngakhale mukuseka. Samalaninso ndi timawu ta kumayambiriro. "Ka" amachepetsa: "kamkazi kanga" m'nyumba ndi kunyengerera, pa chitsime ndi kupeputsa. "Chi" amakulitsa, ndipo "chimkazi" sichimvekapo bwino paliponse.

Dzina limene munkaitanira bwenzi lakale lisabwerenso. Midzi ya kuno anthu amadziwana, ndipo tsiku lina wina adzamuuza mnzanuyo kuti dzina limenelo analimvapo kwina. Pa mitala nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri. Mkazi aliyense akhale ndi lake, ndipo pamaso pa anzake aitanidwe mofanana: ngati wamkulu ndi Abiti, wamng'ono akhalenso Abiti. Kuitana wina "switi" pamene mnzake mukumuti "amayi a kunyumba yaikulu" ndi kuyatsa moto umene ankhoswe adzavutike kuuzimitsa.

Mabanja ambiri a boma lino amakhala motalikirana, mwamuna ali ku Joni kapena watha masabata ali pa usodzi ku Makanjira. Pamenepa dzina limagwira ntchito imene manja sangagwire. Yambani nalo uthenga wa mawu pa WhatsApp, musanafike pa za feteleza, fizi ndi ndalama ya lendi. Koma lisamatuluke pa tsiku lopempha ndalama lokha. Munthu akazindikira kuti "wapamtima" nthawi zonse amatsatidwa ndi "nditumizireni pa Airtel Money", dzinalo limafa, ndipo akangolimva mtima umayamba kuwerengera. Kumbukiraninso kuti foni ya pakhomo imagwiridwa ndi ana ndi alamu, ndipo uthenga wa mawu umamveka pabwalo ponse.

Polemba nambala ya mnzanu mufoni, ikani dzina la pagulu lija. Foni ikabedwa, akuba amayamba kufufuza nambala yolembedwa "Wokondedwa" kapena "Amuna anga" kuti anamize kuti mwagwa m'ngozi, atumize ndalama msanga. Gwirizanani kuti uthenga wotere ukabwera, muziyamba mwaimba n'kumva mawu.

Pokangana, dzina lachikondi lisungeni. Kulitchula mwaukali kapena monyoza kumalidetsa, ndipo mawa mukadzalifuna popepesa lidzakhala likununkha mkangano wa dzulo. Kanganani ndi dzina lenileni kapena la mwana. Mukamvana, mmodzi ayambe kulibweza, ngakhale potumana madzi akumwa. Ndipo ngati mnzanu wasiya kukuitanani mmene ankachitira kwa mwezi wathunthu, musathamangire kwa ankhoswe kapena kufufuza foni yake. Mufunseni muli awiri, madzulo ana atagona, kuti dzina lija linapita kuti.