Mmene mungatetezere pulani yanu anthu akasiya kuona ntchito nkuyamba kuona nkhope, njira ya Maya Lin

Izi ndikulembera inu amene mukuphunzira zojambula mapulani a nyumba ndi zipilala, makamaka inu achemwali, chifukwa tsiku lina muzapambana mpikisano ndiye anthu akangokuonani azayamba kufunsa kuti kodi ameneyu kwawo nkuti, wakula liti, wamutuma ndani. Zinamuonekera Maya Lin ku America mu 1981 ali ndi zaka 21, digiri yake ya pa yunivesite ya Yale asanamalize nkomwe, atapambana mpikisano wojambula chikumbutso cha asilikali a America omwe anafa pa nkhondo ya ku Vietnam. Mtsikanayu anabadwira ku Athens, Ohio mu 1959, makolo ake ndi amene anachokera ku China, bambo ake anali owumba mbiya komanso mkulu wa zaluso pa Ohio University, mayi ake mphunzitsi wa zolembalemba pa yunivesite yomweyo. Ku Vietnam kunalibe mbale wake, koma kwa anthu ena maso ake okha anali mlandu.

Poyamba penipeni, musanataye nthawi ndi ndalama za mapepala, funsani kaye ngati majaji aziona mayina a olowa mpikisano. Uwu unali wobisa mayina. Mapulani okwana 1,421 anawayala mu chinyumba chosungira ndege ku Andrews Air Force Base, aliyense ndi nambala yake basi, wa Maya unali 1026. Majaji 8 anasankha nambalayo osadziwa kuti mwini wake ndi mtsikana wapasukulu, ndipo mphunzitsi wake Andrus Burr, yemwe anamupatsa ntchitoyi mkalasi, nayenso analowa nawo koma sanapambane. Maya mwini wake anadzanena pambuyo pake kuti akanakhala kuti mayina amaoneka sakanapambana. Ndiye ngati muli ndi mwayi osankha, lowani mipikisano yotere, ndipo ngati ndinu amene mwaikidwa mu komiti yokonza mpikisano chonde bisani mayinawo, envulopu muzatsegule majaji atamaliza.

Kenako werengani malamulo a mpikisano mpaka muwaloweze pamtima, chifukwa phokoso likadzayamba ndi omwewo amene azakuikireni kumbuyo. Bungwe la Vietnam Veterans Memorial Fund, lomwe anayambitsa Jan Scruggs mu 1979, yemwenso anavulala ku nkhondoko, linanena zinthu zochepa zomveka: chikumbutsocho chipangitse munthu kusinkhasinkha, chigwirizane ndi malo, chikhale ndi mayina a onse omwe anafa ndi osowa, komanso chisanene kanthu za ndale ya nkhondoyo. Pulani ya Maya inatsata zonsezi. Ndiye amene ankadzakuwa kuti mbendera ili kuti, msilikali wonyamula mfuti ali kuti, amafuna zinthu zoti mmalamulo munalibe.

Pitani pamalopo ndi miyendo yanu, osangodalira mapu. Maya anapita ku Washington ndi anzake mu Novembala 1980 kukaona kapinga wa ku Constitution Gardens, paki yomwe chikumbutsocho chimayenera kumangidwa, anthu akungosewera mwamtendere, ndipo maganizo anamubwerera pompo oti atenge mpeni adule nthaka, aitsegule, bala lija pakapita nthawi lipole koma chipsera chikhalepo. Nchifukwa chake khomalo silikwera mmwamba ngati chipilala cha asilikali a KAR chija timachidziwa ku Zomba, limalowa pansi. Makoma ndi awiri, lililonse lotalika mamita 75, amakumana pakati ngati V yotambasuka, kumapeto ndi aafupi osafika ndi mmaondo momwe koma pokumanirapo ndi mamita atatu, munthu ukamayenda umangozindikira mayina akupitirira mutu. Khoma lina laloza ku Washington Monument, lina ku Lincoln Memorial, zikumbutso za atsogoleri akale a dzikolo. Izi sungaziganize uli pa desiki.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri timachita ulesi, kulemba. Zojambula za Maya zinali za choko cha mitundu, zosavuta kwambiri moti wina akanatha kunena kuti wajambula ndi mwana, koma anaphatikizapo tsamba limodzi lolemba pamanja lofotokoza zomwe munthu azamve akamatsika pakhomapo, ndipo ananena yekha kuti tsambalo linamutengera nthawi yaitali kuposa kujambulako. Inunso teroni. Chilichonse chomwe mwasankha, mtundu wa mwala, kutalika, komwe chayang'ana, lembani chifukwa chake pasanabwere munthu okutsutsani, chifukwa mukadzayamba kufuna zifukwa mutapsa kale mtima muzingobwebweta. Mwachitsanzo mwala wakudawo sanausankhe kuti ulire maliro ayi, amafuna mwala woti ukapukutidwa uziwala ngati galasi, munthu powerenga dzina la mwana wake azidziona yekha pamwamba pa dzinalo, komanso mwala woyera ukanathobwa mmaso poti khomalo layang'ana komwe kumakhala dzuwa. Mwalawo unachokera ku Bangalore ku India, anakaudulira ku Barre, Vermont, mayina nkukawalemba ku Memphis, ndipo wa ku Canada ndi Sweden asilikali akale anaukana dala chifukwa ndi komwe anathawira anyamata ena okana kupita ku nkhondo. Mwaonatu, ngakhale mwala unali ndi ndale zake.

Nkhani ya mayina ndi imene ine imandigwira mtima kwambiri, ndipo ikuonetsa mmene mungapambanire mkangano popanda kukuwa. Akuluakulu a bungwe amafuna mayina atsatane mwa alifabeti kuti achibale asavutike kupeza, zomveka ndithu. Maya anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti ayi, atsatane malinga ndi tsiku lomwe munthu anafa, kuyambira pakati pomwe palembedwa 1959, kupita kummawa mpaka khoma litathera munthaka, nkudzayambiranso kumapeto a khoma la kumadzulo kubwerera pakati pomwe palembedwa 1975, chiyambi ndi mathero a nkhondo zikumane malo amodzi. Chifukwa chake nchakuti msilikali wopulumuka akapeza dzina la mnzake mmodzi, pafupi pomwepo apezanso ena onse omwe anafa naye tsiku lomwelo, anthu oti ankadya nawo limodzi. Akuluakulu aja atatenga mndandanda weniweni wa omwalirawo anapeza kuti a dzina loti Smith alipo opitirira 600, a James Jones okha 16, tangoganizani mayi afike pakhoma apeze dzina la mwana wake lalembedwa ka 16 motsatizana ngati buku la manambala a foni, osadziwa kuti wake ndi uti. Anagonja okha. Vuto lakusaka dzina analithetsa poika mabuku a alifabeti polowera omwe amakuuza gawo ndi mzere. Ndiye mukamatsutsana ndi komiti, musamangoti ndikuona kuti chonchi nchabwino, abweretsereni chinthu chenichenicho patebulo achione ndi maso awo.

Zonyoza zikayamba, zisankheni pawiri, musaziike mthumba limodzi. Pali zonyoza inuyo ndipo pali zochokera mu ululu weniweni. Tom Carhart, msilikali amene anavulala ku Vietnam, anaima pamaso pa Commission of Fine Arts, komiti ya boma yovomereza mapulani a zikumbutso mu Washington, mu Okutobala 1981 nkunena kuti khomalo ndi bala lakuda lamanyazi. Mawu owawa, koma munthuyu ankalankhula monga mmodzi wa anyamata omwe anabwerera kwawo osalandiridwa ndi wina aliyense, ndiye akaona zikumbutso zina zonse mu Washington zili zoyera zoloza kumwamba, chawo chokha chakuda cholowa pansi, ankaona ngati akuwakwiriranso kachiwiri. Munthu wotere mumuyankhe ndi ulemu komanso ndi zifukwa zanu zija munalemba. Koma panali ena omwe nkhani yawo inali khungu basi, makalata onyoza akuti zingatheke bwanji munthu wa ku Asia ajambule chikumbutso cha anthu ophedwa ku Asia, ndipo zinamveka kuti Ross Perot, mpondamatiki wa ku Texas yemwe anathandiza ndi ndalama zoyendetsera mpikisanowo, anamutchula dzina la chakudya cha Chitchaina pomunyoza. Musaiwale kuti inali nthawi yoipa, mu Juni 1982 mnyamata wina wa makolo a Chitchaina, Vincent Chin, anamenyedwa mpaka kufa ku Detroit ndi anthu okwiya ndi magalimoto a ku Japan. Anthu amtundu uwu simungawasinthe ndi pulani, ndipo mukayamba kulimbana nawo za komwe munabadwira ndiye kuti akwanitsa zomwe amafuna, nkhani yachoka pa ntchito. Maya ankangobweza nkhani ku khoma nthawi zonse.

Ndipo musamenye nkhondoyi nokhanokha, pali mawu ena amalemera akatuluka pakamwa pa munthu wina. Pa msonkhano wautali wa Januwale 1982 womwe anaitanitsa Senator John Warner, anthu atalimbikira kuti mwalawo ukhale woyera, anaimirira General George Price, msilikali wamkulu wachikuda, nkuwauza kuti watopa kumva kuti chakuda ndi mtundu wamanyazi, ndipo nkhani ya mtundu wa mwala inathera pomwepo. Mtsikana wa zaka 22 akanayankhula zomwezo akanamuseka. Ndiye yang'anani msanga kuti mwa anthu omwe chinthucho mukuwamangira, ndani wamvetsa, mukhale naye pansi mumufotokozere bwinobwino.

Dziwaninso pomwe mungalolere ndi pomwe simungalole olo zitavuta maka. Maya poyamba samafuna mawu ena aliwonse pakhomapo kupatula mayina, koma bungwe litaumirira kuti pakhale mawu ochepa otsegulira ndi otsekera, analola. Pomwe anakanitsitsa kwa mtu wagalu ndi pomwe otsutsa, mothandizidwa ndi nduna ya boma James Watt amene anagwira chilolezo chomangira, anafuna kuika chiboliboli cha asilikali ndi mtengo wa mbendera pakati penipeni pomwe makoma akumana, zomwe zikanasandutsa khomalo kungokhala chotchingira kumbuyo kwa chibolibolicho. Chiboliboli sanathe kuchiletsa ayi, Frederick Hart anachiumba ndithu, asilikali atatu, ndipo anachitsegulira mu 1984. Koma mu Okutobala 1982 Maya anakaima yekha pamaso pa Commission of Fine Arts kunena maganizo ake, ndipo chigamulo chinali choti chibolibolicho ndi mbendera zikhale chapatali, cha kolowera, pakati paja pasakhudzidwe. Ntchito yomanga inali itayamba pa 26 Malichi 1982, khomalo analitsegulira pa 13 Novembala chaka chomwecho lili ndi mayina 57,939, pano apitirira 58,000 ndipo 8 mwa iwo ndi amayi. Lero anthu amafika ndi kapepala ndi pensulo, kukagunditsa pa dzina nkukhekhesa mpaka zilembo zitatuluka kuti apite nazo kunyumba, ena amasiya makalata, nsapato za usilikali, mamendulo, ndipo a National Park Service, nthambi ya boma yosamalira malowo, amazitola nkukazisunga.

Chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa pankhaniyi, chomwe inu mukuyenera kuchikonza msanga, ndi mphamvu za pa pepala. Mphoto inali madola 20,000 ndipo pulani itapambana inakhala mmanja mwa bungwe, Maya analibe laisensi poti anali wapasukulu, ndiye ntchito yeniyeni yosainira mapulani inapita ku kampani ya Cooper-Lecky iye nkungokhala ngati mlangizi. Zokambirana zoonjezera chiboliboli zija zinachitika iye palibe, anadzangomva zitatha. Ndiye musanatumize pulani yanu werengani bwinobwino gawo lomwe likunena kuti mukapambana mwini pulaniyo ndani, ndani ali ndi mawu omaliza pakafunika kusintha, ndipo ngati mungazakhale nawo pa misonkhano kapena ayi. Mukapambana, musanajambulitse ndi cheke chija, pemphani kuti zilembedwe mu kontirakiti kuti palibe chosintha chingachitike musanafunsidwe, komanso kuti kampani yomwe izasainire mapulani mukhale nawo poisankha. Ngati simukumva chinenero cha maloya pezani munthu akuwerengereni, ngakhale mphunzitsi wanu amene, koma musasaine tsiku lomwelo lachisangalalo.