Momwe mungang'ambire thabwa pa bandsaw popanga mabokosi amatabwa

Kabokosi kosungiramo ndolo kapena zikalata kamaoneka bwino mbali zake zikakhala za mamilimita 8 mpaka 10. Koma matabwa ambiri pamsika ndi a mamilimita 25, ndipo kupala thabwa lotere mpaka lipyapyale ndi kutaya kuposa theka la mtengo mu utuchi. Mukaliimika cham'mphepete n'kuling'amba pakati pa bandsaw, makina ochekera matabwa ndi lamba wachitsulo wa mano, mumapeza timatabwa tiwiri.

Sankhani thabwa louma ndithu. Mlombwa ndiwo woyenera kwambiri chifukwa supindika msanga. Mbawa imachekekanso bwino. Paini wa ku Chikangawa ngofewa, koma utomoni wake umamatirira m'mano a buledi, lamba wocheka uja. Palani mbali imodzi yaikulu ndi m'mphepete mmodzi, kenako muyese ndi sikweya.

Ntchito yonse yagona pa buledi. Ikhale yakuthwa, ya mamilimita 12 mpaka 19 m'lifupi, ya mano atatu pa inchi. Mano akachuluka, mipata yake imachepa, utuchi umasowa potulukira, buledi imatentha n'kuyamba kukhota. Zulani pulagi musanagwire chilichonse. Kungani buledi mpaka mukaikankha ndi chala cham'mbali isasunthe kupitirira mamilimita 6, ndipo tsitsani chogwirira buledi cham'mwamba chikhale mamilimita 5 pamwamba pa thabwa.

Pali chinthu chimene ambiri amachidumpha. Buledi zina zimakokera mbali imodzi ngakhale fensi, chotsamirapo thabwa pocheka, ili yowongoka. Tengani chidutswa chotsala, jambulanipo mzere wowongoka, muchicheke popanda fensi motsata mzerewo. Mukafika pakati zimitsani makina osachisuntha, mulembe patebulo ndi pensulo momwe chapendekera. Fensi muimange motsata chizindikirocho. Ikhale yaitali ngati thabwalo litaimirira. Ngati ndi yaifupi, mangiranipo chidutswa cha pulayiwudi, muone ndi sikweya kuti chaima chilili.

Jambulani mzere pakati pa m'mphepete mwa thabwa. Mbali yopala ija itsamire fensi, ndipo kankhani pang'onopang'ono, osaimaima. Khutu likuuzani: injini ikayamba kulemedwa, bwezani dzanja. Mukakakamiza, buledi imapindika mkati mwa thabwa momwe simukuona, ndipo kathabwa kena kamatuluka ndi mimba, kanzake kolowa mkati. Buledi yopindika chonchi imatha kutulukira pambali, choncho chikhatho chisakhale pathabwa moyang'anana ndi mano. Panikizani ndi chipika, ndipo masentimita 15 omaliza mukankhe ndi kamtengo. Valani chotchinga mphuno, utuchi wa mbawa umayabwa.

Musapale tsiku lomwelo. Mkati mwa thabwa mumakhala chinyezi choposa kunja, ndiye timatabwato timakonda kupindika tikangopitidwa mphepo. Tisanjikeni pamthunzi, muike timitengo tofanana pakati, mutsendereze ndi njerwa kwa masiku awiri kapena atatu. Mukatero palani. Buledi imadya pafupifupi milimita imodzi, puleni mamilimita awiri kapena atatu pa kathabwa kalikonse, ndiye pa thabwa la 25 muyembekezere timatabwa ta 9 kapena 10.

Musanadule mbali za bokosi, tsegulani timatabwato ngati buku, mulembe manambala. Mbali zong'ambidwazo zikhale kunja kwa bokosi. Dulani mbali yaitali ndi yaifupi pa kathabwa kalikonse mosinthanitsa (kunsonga kumene kamodzi kayambira yaitali, kanzake kayambire yaifupi), nsonga zake pa madigiri 45, ndipo mizere ya mtengo idzakumana pangodya zonse zinayi.