Momwe mungagwiritsire ntchito chining'a cha Chingerezi chakuti "a little bird told me"

Mnzanu wa kuntchito wakutsinani khutu kuti abwana akwanitsa zaka 50 lero, koma wakupemphani kuti dzina lake lisatuluke. Mukufuna kuwafunira zabwino abwanawo m'Chingerezi, ndipo mukudziwa kuti afunsa amene wakuuzani. Apa ndi pamene chining'a chakuti "a little bird told me" chimathandiza.

Choyamba, mvetsani tanthauzo lake. Mawuwa akunena za kambalame kamene kakuuzani nkhani, koma mfundo yake ndi iyi: wondiuza ndikumudziwa bwinobwino, kungoti sindimutchula. Ambiri amachigwirizanitsa ndi Mlaliki 10:20, pamene pali chenjezo lakuti munthu asatemberere mfumu ngakhale mumtima, kapena wolemera ali kuchipinda chogona, poti mbalame ya mumlengalenga ikhoza kukaulula mawuwo.

Chachiwiri, musasinthe mawu ake. Ife tinazolowera "small" pa chilichonse chaching'ono, koma mukanena kuti "a small bird told me", womverayo aganiza za mpheta yeniyeni. Liwu lake ndi "little". Pambuyo pake ikani nkhani yanu: "A little bird told me it's your birthday today." Ena amati "tells me" m'malo mwa "told me", ndipo polankhula ndi ana kapena ndi mnzanu wapamtima mungamve "a little birdie".

Chachitatu, chisiyanitseni ndi "I heard it through the grapevine". Ichi ndi cha akutiakuti, nkhani yodutsa m'makutu ambiri mpaka mwini wake osadziwikanso. Kambalame kaja ndi munthu mmodzi amene inu mwasankha kumubisa.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalepo tcheru kwambiri, onani kulemera kwa nkhaniyo. Chining'achi ndi chansangala, chimanenedwa munthu akumwetulira. Chimakoma pa tsiku lobadwa, pa kukwezedwa pa ntchito, pa chinkhoswe chimene chayandikira, kapena mwana akakhoza mayeso a MSCE. Pa nkhani ya kuba ndalama za mpingo, ya chibwenzi chamseri, kapena ya matenda a munthu, chisiyeni. Woganiziridwayo amamva kuwawa kawiri: mukumuneneza, mukubisa mboni, kenako nkhani imene ingamuwonongere banja kapena ntchito mukuyisandutsa nthabwala. M'kalata ya ku ofesi, pamaso pa bwalo la milandu, ngakhale pa msonkhano wa komiti, nenani mosapita m'mbali kuti simungatchule amene anakuuzani, ndipo perekani chifukwa chake.

Pomaliza, konzekerani funso lakuti "Which bird?" Ofunsa ambiri amakhala akungoseka nanu. Mwetulirani, pitirizani kuwafunira abwanawo zabwino, ndipo maso anu asapite kwa mnzanu uja ngati ali m'chipinda chomwecho.