Kusiyanitsa udzudzu wa Anopheles pa maikulosikopu ya stereo

Anopheles ndi udzudzu wofalitsa malungo. Maikulosikopu ya stereo, yoonera ndi maso onse awiri, imaonetsa kachirombo kathunthu, osakadula, ndipo pansi pa galasi pamatsala mpata wogwirira ntchito ndi kopanira. Zambiri zimakhala ndi magalasi a m'maso a 10x ndi zumu (chosinthira kukula kwa chithunzi) yoyambira 0.7 kulekeza 4.5, ndiye kuti zimakulitsa chinthu kuyambira ka 7 mpaka ka 45.

Yambani ndi kuikonza kuti igwirizane ndi maso anu. Sendezani magalasi a m'maso mpaka muone bwalo limodzi, osati awiri. Ikani mphete za diopter (za pa magalasi a m'maso, zokonzera diso lililonse palokha) pa 0, kwezani zumu mpaka pamapeto, kenako pukusani chowongolera chithunzi (focus) mpaka chithunzi chioneke bwino. Tsitsani zumu pansi penipeni. Apa chowongolera chija musachikhudzenso: tsinzinani diso limodzi, konzani mphete ya diso linalo, kenako sinthanani. Mukadumpha sitepe imeneyi chithunzi chimachita mbuu nthawi iliyonse mukasintha zumu, ndipo mutu suchedwa kuwawa.

Ikani udzudzu wouma m'kambale ka petri (kambale kosaya ka mu labotale), kuwala kuchokere pamwamba. Nyali ya LED ndi yabwino. Ya halogen imatentha ndipo miyendo imafika pothyoka yokha. Musauviike mu spiriti, chifukwa mamba amayoyoka, pomwe zizindikiro zambiri zili pa mambawo.

Mutakulitsa ka 10 (10x), patulani amuna, omwe tinyanga tawo ndi taubweya wambiri. Kwa aakazi yang'anani ma palp, timanja tiwiri ta m'mbali mwa mlomo woyamwira magazi: a Anopheles ndi aatali ngati mlomowo, a Culex, mtundu wina wa udzudzu, ndi afupiafupi. Kenako kwezani kufika pa 30x kapena 40x, muone miyendo. Anopheles funestus ndi wocheperako, wakuda, miyendo yake yopanda mawanga. Gulu la Anopheles gambiae lili ndi timawanga toyera pamiyendo. Udzudzu wa mumsampha wa nyali wa CDC nthawi zambiri umakhala utapalika mamba ndi fani, choncho wotere musauumirize dzina.

Maso amalekeza pomwepa. Gambiae weniweni ndi arabiensis, onse a m'gulu la gambiae, amafanana ndendende, amasiyanitsidwa ndi PCR, njira yoyezera DNA mu labotale. Ikani udzudzu aliyense m'kachubu kakekake ka silica gel (timibulu toyamwa chinyontho), thonje pakati pa udzudzu ndi timibuluto, ndipo mulembepo nambala.

M'nyengo ya dzinja nkhungu imamera m'kati mwa magalasi. Mukamaliza sungani makinawo m'kabati youma yokhala ndi silica gel, osati m'pulasitiki yosunga chinyontho.